Sopo asamathere pa zovala zokha

Dzuwa likafika paliwombo tsiku la msika pa Lizulu, pa Jenda kapena pa Lunzu, anthu amakhamukira m'malesitilanti ndi pa ziwaya kukapha njala. Pakhomo pa malo ambiri odyerawa pamakhala ndowa kapena beseni la madzi. Munthu amafika, n'kuviika nsonga za zala, n'kukutumula manja, basi wakhala pansi kuyamba kutema nsima.

Manja omwewo kuyambira m'mawa agwira ndalama zomwe zadutsa m'matumba a anthu osawerengeka, apereka moni, anyamula nkhuku, ndipo mwina mwini wake wadzerako kuchimbudzi cha pamsika. Sopo palibe, ndipo palibe amene wafunsa za iye.

Kunyumba nakonso n'chimodzimodzi. M'mabanja ambiri sopo alipo ndithu, koma ntchito yake idagawidwa kale: kuchapira yunifolomu ya ana asukulu, kusambira m'mawa ndi kutsukira mbale. Wonunkhira uja amabisidwa m'sutikesi kudikira alendo. Zikafika pa manja, anthu amati madzi okha akwana.

Apa ndiye pagona vuto. Madzi okha samaliza ntchito, ndipo chifukwa chake si chovuta kumva. Banja lomwe lamvetsa momwe sopo amagwirira ntchito silingalole kuti kachidutswa kotsiriza kathere pa kolala ya malaya pomwe mwana akudya ndi manja osasamba bwino.

Mayi aliyense amene adatsukapo mbale yomwe mudali nyama yonona amadziwa kuti madzi ndi mafuta sagwirizana. Akathira madzi ozizira m'mbale yotere, madziwo amangosanduka timadontho n'kutsetsereka ngati pa nthenga za bakha, mafuta ali phee.

Khungu la munthu nalo limatulutsa mafuta akeake tsiku ndi tsiku, kuwonjezera pa omwe anthu amadzola. Fumbi, thukuta ndi tizilombo toyambitsa matenda zimakakamira m'mafuta amenewa, makamaka m'mizere ya m'manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Madzi akadutsa amachotsako dothi la pamwamba, manja n'kuoneka oyera, koma zambiri zomwe zamatirira m'mafuta zimatsala.

Pakufunika wina woti ayanjanitse awiriwa. Pamudzi, mwamuna ndi mkazi akasemphana amaitana ankhoswe chifukwa ndiwo amamvedwa ndi mbali zonse. Sopo ndi nkhoswe ya madzi ndi mafuta.

Akatswiri a sayansi amati sopo amapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Kachidutswa kalikonse kali ngati kamtengo ka machesi: kali ndi mutu ndi mchira wautali. Mutu umakonda madzi, pomwe mchira umathawa madzi n'kumafuna mafuta.

Munthu akanyowetsa manja n'kupaka sopo, michira ija imalowa m'mafuta omwe ali pakhungu, mitu n'kutsalira kunja, m'madzi. Akayamba kutikita, mafuta aja amasweka kukhala timadontho ting'onoting'ono, ndipo kadontho kalikonse kamazingidwa ndi tizidutswa ta sopo, michira m'kati, mitu kunja.

Zikatere, kadontho ka mafuta kamakhala ngati kavala chovala chomwe madzi akuchidziwa. Sikangabwererenso pakhungu kapena kuphatikana ndi kanzake, popeza mitu ija imakankhana. Madzi otsukuluzira akadutsa amanyamula timadontho tonse, pamodzi ndi litsiro ndi tizilombo tomwe tidabisala m'menemo.

Sopo amachitanso ntchito ina. Madzi paokha amakonda kugwirana okhaokha, n'chifukwa chake dontho limaima ngati mkanda pa mbale ya mafuta. Sopo amafooketsa kugwirana kumeneku, ndipo madzi amayamba kufalikira n'kulowa m'timing'alu ta khungu ndi pakati pa ulusi wa nsalu momwe sakadafika paokha.

Funso n'kumati: kodi chinthu chochotsa mafuta chimachokera kuti? Chodabwitsa n'chakuti sopo amapangidwa kuchokera ku mafuta omwewo. Opanga amatenga mafuta a nyama kapena a zomera, monga a kanjedza omwe ku Karonga amati mawese, n'kuwasakaniza ndi soda woyabwa kwambiri wotchedwa caustic soda. Sodayo amaswa mafuta aja, n'kutuluka zinthu ziwiri: sopo ndi gilisarini, yemwe uja amayi amasakaniza ku mafuta odzola. Mchira wa kachidutswa ka sopo ndi chotsalira cha mafuta, n'chifukwa chake suiwala abale ake.

Luso limeneli si ladzana. Zolemba zakale za ku Mesopotamia, dera lomwe lero kuli dziko la Iraq, zikusonyeza kuti zaka zoposa 4,000 zapitazo anthu ankawiritsa kale mafuta ndi phulusa pofuna chotsukira ubweya wa nkhosa. Ankadziwa kuti zikutheka koma osadziwa chifukwa chake, mpaka pamene katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, adafotokoza za kapangidwe ka mafuta ndi sopo m'buku lomwe adatulutsa mu 1823.

Agogo akumudzi nawo sali kutali ndi nzeru imeneyi. Chidulo chomwe amatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere chili m'banja limodzi ndi soda wa opanga sopo, kungoti n'chochepa mphamvu. Ndipo mayi akamakwecha poto wa mafuta ndi phulusa lonyowa, sikuti akungopala chabe. Phulusalo likakumana ndi mafuta limapanga kasopo pang'ono m'poto momwemo.

Sayansi imeneyi ili ndi maphunziro angapo kwa banja lililonse, ndipo loyamba likukhudza thumba.

Ntchito yaikulu ya sopo si kupha tizilombo koma kutizula pakhungu kuti madzi atikokolole. N'zoona kuti tizilombo tina, monga kachilombo koyambitsa Covid-19, tili ndi chikopa cha mafuta chomwe sopo amaching'amba, kachilomboko n'kutheratu. Koma ngakhale tomwe sitifa, tikachoka m'manja n'kupita ndi madzi sitingafikenso mkamwa. Ndipo mphamvu yozulayi ili mwa sopo aliyense, wa m'pepala lonyezimira ngakhale wobiriwira wochapira yemwe amadulidwa ndi mpeni pa okala.

Umboni wake ulipo. Mu 2005, magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe Stephen Luby ndi anzake adachita m'madera osauka a mzinda wa Karachi ku Pakistan. M'mabanja omwe adalandira sopo wamba n'kulimbikitsidwa kusamba m'manja, matenda otsegula m'mimba pakati pa ana adatsika ndi theka n'kupitirirako pang'ono, ndipo chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu chidatsika ndi theka. Mabanja ena adapatsidwa sopo wa mankhwala opha tizilombo, koma zotsatira zake sizidasiyane kwenikweni ndi za sopo wamba.

Ku America, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA lidaletsa mu 2016 kuika mankhwala 19, kuphatikizapo otchedwa triclosan, mu sopo wosambira m'manja wogulitsidwa kwa anthu wamba. Chifukwa chimodzi chidali chakuti makampani adalephera kusonyeza kuti sopo wotere amateteza kuposa sopo wamba ndi madzi.

Choncho bambo amene amadandaula kuti sangakwanitse sopo wotsatsidwa pa wailesi asadzione wolephera. Fungo la maluwa, mtundu wokongola ndi chithunzi cha dokotala pa pepala si zomwe zimachotsa litsiro. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nthawi zambiri ndalama yowonjezerayo imagula kukoma kwa kunja kokha.

Phunziro lachiwiri n'lokhudza nthawi. Tizidutswa ta sopo sitichita matsenga. Timafuna mpata woti tilowe m'mafuta, ndiponso timafuna kutikita kuti mafutawo asweke. N'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza kutikita manja kwa masekondi osachepera 20, kuseri ndi kutsogolo, pakati pa zala, chala chachikulu ndi m'zikhadabo. Wongogwira sopo n'kutsukuluza pompo wangotaya sopo wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzi otentha si ofunikira posamba m'manja. Amathandiza pa mapoto chifukwa amasungunula mafuta oundana, koma kutentha komwe kungaphe tizilombo kungawotchenso khungu. Madzi ozizira ndi sopo n'zokwanira, ndipo palibe chifukwa choonongera makala.

Phunziro lachitatu ndi lomwe likugunda mwambo. Ngati sopo amasamutsa litsiro kuchoka m'manja kupita m'madzi, ndiye kuti madzi osambirawo ndi omwe asenza zonse. Ayenera kuchoka, osabwereranso.

Komatu m'makomo ena, ndiponso pa maliro, pa ukwati ndi pa chinkhoswe, beseni limodzi limazungulirabe. Amayamba akuluakulu, kenako alendo, ana n'kumalizira. Pofika kwa mwana wamng'ono, yemwe thupi lake n'losalimba kuposa onse, madzi aja asanduka msuzi wa manja a anthu khumi. Ngakhale patakhala sopo, wotsirizayo akungotola zomwe anzake asiya.

Ulemu kwa akulu ndi chinthu chabwino ndipo palibe akuti uthe. Koma ulemu womwewo ungaperekedwe ndi jagi kapena kapu: mwana kugwada, kuthirira agogo ake madzi, beseni lili pansi kulandira madzi akuda. Mabanja ambiri adasintha kale motere ndipo palibe mkulu amene adachepa nazo. Otsalawo akudikira chiyani?

Pali dandaulo lina lomwe limamveka kawirikawiri kwa amayi otunga pa mijigo: sopo sachita thovu ndipo amatha msanga. Ambiri amaloza chala wogulitsa kuti wawapatsa sopo wachinyengo, pomwe nthawi zina wolakwa ndi madzi.

Madzi a pansi pa nthaka amasungunula miyala yomwe amadutsamo, n'kutenga michere monga kashiamu ndi maginiziyamu. Ndi michere yomweyi yomwe imasiya zoyerayera pansi pa ketulo. Ikakumana ndi sopo imagwira mitu ya tizidutswa tija n'kupanga zinyenyeswa zotuwa zomwe zimayandama m'beseni. Sopo woyambirira amathera kulimbana ndi michereyi, ndipo wotsalayo ndiye amayamba kuchapa. Madzi a mvula alibe michere yotere, n'chifukwa chake kasopo pang'ono kamachita thovu lambiri.

Sopo waufa adabwera kudzathetsa vuto ngati limeneli. Mitundu yake yoyamba idapangidwa ku Germany nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, mafuta opangira sopo atasowa. Tizidutswa take tilinso ndi mutu ndi mchira, koma mutu wake sugwidwa msanga ndi michere ija. Banja lomwe limadalira mjigo wa madzi otere lingapulumutse ndalama pochapira sopo waufa kapena madzi a mvula, tabuleti n'kuisungira manja ndi thupi.

Thovu nalo lisanamize anthu. Ndi mpweya chabe womwe watsekeredwa m'madzi a sopo. Limasonyeza kuti m'madzimo mukadali sopo woti agwire ntchito, koma si ilo limachapa. Kuthira sopo wambiri pofuna kuona thovu likusefukira n'kuononga chuma.

Ena amati zonsezi n'zachizungu, makolo ankasamba m'beseni limodzi koma adakalamba mpaka kuyendera ndodo. N'zoona, ena adakalamba. Koma amene amawerengedwa ndi opulumuka okha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 alionse obadwa, 234 ankamwalira asadakwane zaka zisanu. Pofika pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, chiwerengerochi chidali chitatsika kufika pa 63. Zambiri zidathandiza, monga katemera, maneti ndi madzi abwino, koma mfundo n'njakuti masiku akalewo manda a ana ankadzadza, ndipo kutsegula m'mimba kudali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu.

Dandaulo lomveka kwambiri ndi la mtengo. Zipangizo zambiri zopangira sopo zimachokera kunja, choncho kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, sopo adakwera pamodzi ndi mchere, shuga ndi mafuta ophikira. Mayi amene akusankha pakati pa sopo ndi ndiwo sakufuna ulaliki.

Komabe kusamba m'manja kumadya sopo wochepa zedi poyerekeza ndi kuchapa bulangete limodzi. Tizidutswa totsalira tomwe timatayidwa kubafa tingathe kuikidwa m'sokosi yakale n'kupachikidwa pafupi ndi mpondagiya wa pachimbudzi, pomwe mbuzi ndi makoswe sizingafikire. Mphamvu yake ndi yomweyo mpaka kachidutswa kotsiriza.

Njira ina idayesedwa ndi akatswiri a bungwe lofufuza za matenda otsegula m'mimba la icddr,b ku Bangladesh: kusungunula magalamu 30 a sopo waufa m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka, n'kuboola chitsekerero. Adapeza kuti madzi a sopo otere amachotsa tizilombo m'manja mofanana ndi tabuleti. Pasukulu, pachigayo kapena pamsika, pomwe tabuleti imatha kumera miyendo, botolo lotere ndi yankho, chifukwa ndi ochepa amene angabe madzi a thovu.

Sopo akasoweratu, alangizi a zaumoyo amati phulusa loyera la pamoto ndi madzi n'zabwino kusiyana ndi madzi okha. Koma ili ndi thandizo la pangozi, osati chifukwa chosiyira kugula sopo.

Kuti sopo amateteza si nkhani ya kunja kokha. Mu 1993, ofufuza adatsatira mabanja pafupifupi 400 pa msasa wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje, pomwe pankakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Adapeza kuti nthawi yomwe m'nyumba mudali sopo, matenda otsegula m'mimba ankachepa ndi 27 peresenti poyerekeza ndi nthawi yomwe mudalibe. Awa adali anthu osauka kwambiri, okhala mothithikana, koma kachidutswa ka sopo kadasonyeza kusiyana.

Dziko lino lidalipira mtengo wowawa posachedwapa. Mliri wa kolera womwe udayamba ku Machinga mu March 2022 udafalikira m'maboma onse, n'kugwira anthu oposa 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Udali mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya Malawi, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulira chifukwa cha iwo.

Kunena chilungamo, sopo yekha sakadaletsa mliriwo. Kolera amayenda kwambiri m'madzi akumwa, ndipo sopo sayeretsa madzi akumwa. Imeneyo ndi ntchito ya kuwiritsa kapena kuthira klorini, komanso ndi udindo wa boma ndi mabungwe opereka madzi. Koma kachilomboka kamayendanso kuchoka kuchimbudzi kupita ku chakudya, kuchoka kwa wodwala kupita kwa womudwazika, ndipo mlatho wake ndi manja. Mlatho umenewu banja lingathe kuugwetsa lokha popanda kudikira nduna kapena phungu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu adaphunzirapo kale n'kuiwala. Covid-19 itafika m'dziko muno mu April 2020, pakhomo pa golosale, banki ndi tchalitchi padaikidwa ndowa za mpopi ndi sopo. Mantha atatha, ndowa zambiri zidauma, zina zidakatungira madzi kunyumba, ndipo sopo ndiye adayamba kusowa. Kolera atabwera adapeza zitseko zili pululu.

Tsiku lokumbukira kusamba m'manja padziko lonse limachitika pa 15 October chaka chilichonse kuyambira mu 2008. Pamakhala zoyankhula, magule ndi malaya olembedwa mauthenga. Zonsezi n'zabwino, koma tizilombo sitidziwa kalendala.

Makhonsolo amatolera ziphaso m'misika tsiku ndi tsiku, ndipo zimbudzi zambiri za m'misika n'zolipira. Palibe chifukwa choti munthu alipire polowa kuchimbudzi n'kutuluka osapeza madzi ndi sopo. Wopereka chilolezo cha malo odyera ayenera kufunsa za ndowa ya mpopi ndi sopo monga momwe amafunsira za msonkho. Makomiti a sukulu, omwe amatha kusonkhetsa makolo ndalama za mlonda ndi njerwa, sangalephere mabotolo angapo a madzi a sopo pafupi ndi zimbudzi, makamaka pomwe ana amalandira phala.

Ogula nawo ali ndi mphamvu. Mwini lesitilanti akaona makasitomala atatu atembenukira kwa mnzake chifukwa chosowa sopo, mawa lake sadzadikira kalata ya khonsolo.

Koma ntchito yaikulu ili pakhomo, ndipo nthawi zake n'zodziwika: pochoka kuchimbudzi, mayi akasintha mwana thewera, asadayambe kukonza chakudya, asadadye ndiponso asadadyetse kapena kuyamwitsa mwana. M'mera mpoyamba, ndipo mwana amene wakula akuona sopo pafupi ndi chimbudzi sadzafuna chikwangwani chomukumbutsa.

Malaya akuda amachititsa manyazi, ndipo n'chifukwa chake sopo amathamangira kumeneko, popeza litsiro la pa chovala limaonekera kwa aliyense. La m'manja silioneka, koma ndilo limagoneka mwana pa bedi la chipatala, mayi n'kusiya geni sabata yathunthu, bambo n'kugulitsa mbuzi kuti apeze ya kabaza ndi mankhwala.

Mwezi ukatha, tabuleti ya sopo ikalowa m'nyumba, mpeni uyambe wadula kachidutswa ka manja. Zovala zilandire zotsala.